Goli la Pendeka

Pamaliro a asekulu anga a Zimba, ndiwo agogo anga aamuna, anthu anadandaula kuti nyama inali yolimba. Ndinawamva ndekha azibambo a kwa Chikomeni akunong'onezana kuseri kwa nkhokwe, wina akuti mano ake atsalira m'mbale. Agogo anyaShawa, akazi awo, atauzidwa zimenezi anaseka misozi ili m'maso, ndipo aka kanali koyamba kuseka chiyambire maliro. Mawa chikwana chaka chitisiyireni asekulu. Agogo anandituma kukasesa pansi pa mango pomwe asekulu ankagwirira ntchito, ndipo posesapo ndinakumbukira nyama ija. Ine ndimalemba m'buku langa tsiku lililonse, zambiri za mvula ndi za kusukulu, chifukwa pakamwa ndimasowa mawu msanga. Lero ndilemba za iwo, ndi chifukwa chake nyamayo inali yolimba.

Asekulu anali mmisiri wa magoli a ng'ombe. Kuno kwa Kapichila aliyense wofuna kulima ndi pulawo ankadutsa pakhomo pathu. Koma sankasema goli asanazione ng'ombe zake. Munthu akabwera yekha, ngakhale atapalasa njinga kuchokera kutali, ankamupatsa madzi akumwa n'kumubweza kuti akazitenge. Zikafika ankazizungulira mosafulumira, akuimba chamumtima, kenaka n'kuyendetsa kunja kwa dzanja lawo pakhosi pa iliyonse, kuyambira kumbuyo kwa nyanga mpaka palinunda. Ankati goli la pamsika ku boma lili ngati nsapato ya salaula yovalidwa kale, phazi limalowa ndithu koma inapangidwira wina.

Chiphunzitso chawo chachikulu chinali chimodzi, ndipo ankachibwereza mpaka anyamata kutopa nacho. Ankati ng'ombe siidandaula goli likamailuma. Imangokoka mpaka chilonda chituluke, choncho mwini wanzeru amafunsa khosi dzuwa lisanakwere, sadikira kuti ng'ombe igwe mumzere. Anthunso ankawaweruza ndi makosi. Abusa atsopano a kutchalitchi atabwera kudzatichezera, asekulu anawalandira bwino, nkhuku inafa, koma atangopita anati khosi la abusawo silinakokepo kanthu. Agogo anawakalipira mpaka madzulo.

Awiriwa ankakangana tsiku ndi tsiku, ndipo ndikuganiza kuti ankasangalala nazo. Ankakangana za fodya wamphuno amene ankadetsa malaya a kutchalitchi. Ankakangana za zipalapala za mtengo zomwe agogo ankatola kukakolezera moto ntchito isanathe. Tsiku lina agogo anasonkhezera pamoto chikeyi chosemasema, kamtengo kaja kolowa m'goli m'mbali mwa khosi, poyesa kuti n'chotaya. Nkhani ya chikeyi chimenecho inakhala zaka zambiri kuposa ine.

Tsopano ndinene za Pendeka, chifukwa popanda iyeyu palibe nkhani. Pendeka ndi ng'ombe yamphongo yofiira yomwe ili thole inagwera m'chigwembe n'kuthyoka phewa lakumanzere. Linapola, koma linatsika kuposa linzake, moti poyenda amaoneka ngati akumvetsera chinthu pansi. Goli lililonse lowongoka linkamupsinja mbali imodzi. Adada anga akulu, a Laitoni, mwana woyamba wa asekulu, amene tsopano amayang'anira khola, anamuyesa kamodzi pangolo, namumasula khosi litasupuka. Kuyambira pomwepo ankamutchula kuti ndiwo zoyenda.

Makolo a asekulu anachokera kummwera kalekale, ndipo mwambo wawo tikadali nawo: mwamuna wamkulu akamwalira, ng'ombe imagwa. Palibe amene amapha ng'ombe yolima pamaliro. Imagwa yomwe ilibe ntchito. Choncho asekulu atayamba kuonda, aliyense pakhomo ankadziwa kuti Pendeka akuyenda ndi tsiku lake, koma palibe ankanena. Ananena ndi asekulu eni ake, tonse tikusenda chimanga pabwalo.

"Laitoni, Pendeka simundidyera pamaliro panga."

"Adada, maliro ati? Muli moyo."

"Ndili moyo, enya. N'chifukwa chake ndikukuuza tsopano. Ndikagona uko sudzandimva."

"Nanga ng'ombe yosakoka tiziisungira chiyani? Kuiona?"

"Ikoka. Goli lake kulibe chabe. Ndilisema mvula isanagwe."

Matendawo anayamba nyengo yozizira, titangotuta. Poyamba anasiya kumaliza chakudya. Kenaka maso anasanduka achikasu ngati dzira, thupi lonse linkayabwa moti ankadzikanda ndi chitsononkho. Adada akulu anapita nawo ku boma, a ku boma anawatumiza kutali kupitirira Chipata, kuchipatala cha mishoni. Anabwerako ndi chipsera chachitali pamimba ndi dzina la matenda: khansa ya kapamba. Madokotala anatsegulira ndulu njira ina, chikasu chija chinatha, koma chotupacho anati sichingachotsedwe.

Asekulu anafuna kuchiona chomwe chikuwapha. Ananditumiza buku langa la sayansi, ndipo ndinawatsegulira tsamba la munthu wosendedwa. Anayang'ana nthawi yaitali, chala chili pachithunzi.

"Mzukulu, ndi kameneka?"

"Eya, asekulu."

"Kakang'ono chomwechi? Ine ndasenda ng'ombe zambiri. Aka timaponyera ana kuti akaotche." Anaseka, koma kusekako kunathera pakati, dzanja lili pamimba.

Ululu wake sankaunena. Mwamuna wa mtundu wawo sabuula, ndipo iwo ankanyadira kuti tsiku lomwe ng'ombe inawaboola ntchafu ali mnyamata anayenda okha mpaka kunyumba. Ukawafunsa kuti mwauka uli, yankho linali limodzi, makola, ndiko kuti bwino. Ine ndinkafunitsitsa kudziwa kuti ululu umene munthu saunena umapita kuti, ndiye ndinkawayang'ana. Ndinaona kuti umayamba ndi nyimbo: kuimba kwa chamumtima kuja kunkaleka. Kenaka thukuta linkamera pamphuno ngakhale kukuzizira. Kenaka zala za kumapazi zinkakumba dothi. Pomaliza kasemasema ankaikidwa pansi mwaulemu, ngati mwana wogona. Agogo okha ndi amene anauzidwa kamodzi kuti zili ngati mkondo wolowera pachifu n'kutulukira kumsana, ndipo ukamadya mwini mkondoyo amaupotoza.

Panali chinthu china chodabwitsa. Akagona chagada ululu unkakula. Akagwada n'kuweramira kutsogolo, chifuwa chili pa chinthu cholimba, unkachepako. Anazitulukira okha pa chipika cha mlombwa chomwe ankasemerapo pansi pa mango, ndipo kuyambira pamenepo ankakhala atachikumbatira. Agogo zinawanyansa. Anthu ankabwera kudzazonda odwala, ena ochokera kutali, n'kupeza mwini mudzi atagwada ngati mayi wopera mawere. Ndiye agogo akangomva "odi" kumsewu ankathamanga kuwakokera m'nyumba, kuwagoneka chagada pabedi, kuwafunda bulangeti latsopano mpaka m'khosi. Alendo ankayamikira kuti odwala akusamalidwa bwino. Asekulu ankayankha moni mano atalumana, ndipo alendo akamachedwa kupemphera ndinkaona zala zawo zikukanda mphasa ya pabedi.

Panado analeka kugwira ntchito msanga. Mapilitsi a ku boma anathandiza pang'ono n'kuleka. Ndiye kunabwera anesi a Mwale, mayi wamfupi wa ku Chipata amene ankayendera odwala m'midzi pa njinga yamoto. Anasiya botolo la mankhwala amadzi otchedwa mofini, nafotokoza kamwedwe kake, natinso mankhwalawa ndi osowa, ngakhale ku boma nthawi zambiri sapezeka. Mawu otsirizawa ndi amene asekulu ndi agogo anamva bwino kuposa ena onse.

Anesi atabweranso anapeza asekulu atakumbatira chipika, mtengo wa goli uli pambali.

"Mwauka uli, adada?"

"Tauka makola."

"Makola? Nanga thukuta ili, mwachoka kolima? Amama, bweletsani botolo nione."

Agogo analowa m'nyumba, nakwera pampando, natsitsa mphika wa mbewu ya nshawa, ndiwo mtedza, womwe umakhala pamtanda, womata pakamwa ndi dothi kuopa mbewa ndi ana. Anaswa dothilo, napisa dzanja m'nshawa, natulutsa botolo. Linali lodzaza pafupifupi mpaka m'khosi.

Anesi analiyang'ana padzuwa. "Amama, mufuna kubyala? Mofini samela."

"Tikusunga," anatero agogo. "Timawapatsa akabuula."

"Anabuulapo?"

Agogo anayang'ana asekulu. Asekulu anayang'ana mtengo.

"Mwana wane," anatero asekulu, "iwe ndiwe wa m'tauni. Mbewu sadya mwezi wokolola. Njala yeniyeni ili kutsogolo, ndikuidziwa, ndikuimva ikubwera. Wanena wekha kuti ku boma kulibe. Ndikamaliza lero, tsiku loipalo ndidzamwa chiyani?"

Anesi sanaseke. Anakhala pansi padothi, yunifolomu yoyera ndi yonse. Anati kusowa kwa mankhwala ndi katundu wawo, asekulu asawasenzere. Anati ululu umenewu ukaulola kudzuka umafuna mankhwala ambiri kuti ugonenso, koma ukamauthira pang'onopang'ono pa nthawi yake, usanadzuke, botolo lomwelo limapita patali. Asekulu anamvetsera ngati akuuzidwa za mtengo wachilendo, ndipo anayamba kufunsa. Anafunsa ngati mankhwalawo amapangidwa ndi mtengo kapena mwala. Anafunsa chifukwa chake kuwerama kumathandiza, ndipo anesi anati kapamba amagona kumbuyo pafupi ndi msana, pomwe pali mitsempha yambiri, ndiye ukawerama katundu wa m'mimba amachokapo. Anati odwala ambiri a nthendayi amakhala chomwecho, asiyeni agwade. Asekulu anatembenukira agogo ndi nkhope ya munthu wopambana mlandu.

Kenaka anafunsa chomwe ankaopa. "Sandipusitsa?"

"Masiku oyamba muzawodzela, sininganame. Pambuyo mutu uzayela. Mimba izauma, muzidya mapapaya."

"Ndilibe masiku owodzera. Mvula ili pafupi."

"Nanga goli mwafika nalo pati?"

Tonse tinayang'ana mtengo uja. Unali wosendedwa khungwa, mbali imodzi yokha itayambidwa, ndipo pomwe kasemasema anadula komaliza panali patada kale ndi fumbi. Apa agogo, amene anamata okha mphika uja, anatembenuka.

"A Zimba, mwana wa a Ngoma, anansi athu aja, munamutukwana pamaso pa mkazi wake chifukwa anadikira chilonda asanakonze goli. Munati ng'ombe siinena. Lero ng'ombe ndinu, ndipo ine ndakhala chitsiru chodikira kuti mulire."

"Ndiye mwavomera kuti ndinu chitsiru."

"Tsegulani pakamwa."

Anatsegula.

Panatsala vuto la nthawi. Wotchi ya asekulu inaima kalekale, ndipo wailesi inkalankhula pokhapokha mabatire akaikidwa padzuwa. Anesi anayamba kutchula maola, asekulu anawadula. Anati khola lili ndi wotchi yake. Adzamwa pokama m'mamawa, adzamwa potsegula khola mame atauma, adzamwa masana ng'ombe zikatsikira kudambo, adzamwa zikamalowa madzulo, ndi wina wokulirapo pogona. Anesi anawerengera pa zala nati zikukwana. Kuyambira tsikulo palibe ankati nthawi ya mankhwala. Asekulu ankangokuwa kuti, "AnyaShawa, ng'ombe yanu ya ludzu!" ndipo agogo ankabwera akupukuta manja pachitenje, akung'ung'udza.

Masiku oyamba anawodzeradi. Ankagona atakumbatira chipika, kasemasema ali m'manja, nkhuku zikutola nyerere pamapazi awo. Akadzuka n'kuona kuti dzuwa lapendeka ankapsa mtima, nati anesi awabera masiku. Kumpoto mitambo inali itayamba kusonkhana. Madzulo ena anatsegula maso n'kupeza adada akulu ali pafupi ndi khola, dzanja likuyenda panthiti za Pendeka.

"Laitoni! Ukuyeza chiyani pamenepo?"

"Nkhupakupa, adada."

"Nkhupakupa zinasamukira pamafuta liti? Yang'ana kumakutu ndi kunsi kwa mchira, monga ndinakuphunzitsira."

Adada akulu anachotsa dzanja, nachoka. Sanali munthu woipa. Ankaganiza za anthu ambirimbiri amene adzabwere, ndi manyazi a mwana woyamba amene walephera kudyetsa olira.

Kenaka m'mawa wina ndinamva nyimbo. Ndinali kutsuka mbale, ndipo ndinaima ndi mbale m'manja, chifukwa ndinali nditaiwala kuti pakhomo pathu pankamveka nyimbo imeneyo. Kasemasema ankagogoda. Asekulu ankasema atagwada, mimba ili pachipika, mtengo uli kutsogolo kwawo, ndipo alendo akabwera ankapatsidwa mipando pansi pa mango pomwepo. Agogo ankangowauza kuti ndi lamulo la kuchipatala.

Ululu sunathe wonse. Unkabwerabe akadya, ndiye ankadya pang'ono, phala ndi papaya. Anesi anawonjezera muyeso atawona kuti zala za kumapazi zayambanso kukumba nthawi yomwa isanakwane. Ndipo asekulu sanalakwe kotheratu za njala ija. Kamodzi botolo linatha anesi asanabwere, chifukwa njinga yamoto inalibe mafuta. Masiku amenewo sindifuna kuwalemba. Anesi anafika pa njinga yopalasa yobwereka, fumbi mpaka m'nsidze, ndipo asekulu atamwa n'kupuma anangoti, "Wachedwa, mwana wane, koma khosi lako ndi la ntchito." Kwa iwo panalibe chiyamiko choposa chimenecho.

Golilo linali lachilendo. Mbali ya Bantomu, ng'ombe yakuda yomwe anasankha kuti ikoke ndi Pendeka, inali ngati goli lililonse. Mbali ya Pendeka inali yokhuthala, yopindikira pansi, yokumbidwa mopendekera kuti ikhale paphewa lotsika lija. Mabowo a zikeyi anaboola ndi chitsulo chamoto, ndipo agogo ndi amene ankakoleza motowo ndi zipalapala, tsopano ndi chilolezo. Pendeka ankabweretsedwa pafupipafupi kudzayesedwa. Anazolowera kuima pafupi ndi chipika, akununkhiza mutu wa asekulu.

Mvula yoyamba inagwa goli litatsala kusalaza. Yachiwiri itagwa, asekulu anati lakwana. Kuyenda anali atasiya, choncho anawakweza pangolo ya a Ngoma, atagwada, chifuwa chili pathumba la chimanga, agogo atakhala pambali ndi botolo m'chitenje. Anthu anatitsatira kumunda ngati kuli ukwati. Adada akulu anamanga ng'ombe, nagwira pulawo, nakuwa. Bantomu anakoka. Pendeka anapita masitepe ochepa n'kuima, akupukusa mutu. Wina kumbuyo anaseka.

"Bwera nazo kuno," anatero asekulu. Anapisa dzanja pansi pa goli, maso atatsinzina, napempha mpeni. Anapala pang'ono penapake pomwe ife sitinaone chilichonse, nauza adada akulu kuti asunthe chikeyi chakumanzere. "Pita. Usakuwe, ingomuuza."

Pendeka anakoka. Mutu unali wopendekabe, koma dothi linkatembenuka kumbuyo kwake lakuda, lonunkhira mvula. Anafika kumapeto, anatembenuka, anabwerera. Anapitanso. Mizere yake siinali yowongoka bwino, ndipo adada akulu ananena zimenezo mokweza, asekulu nati chimanga sichifunsa. Dzuwa litakwera anaitanitsanso ng'ombe, nauza kuti goli lichotsedwe. Anayendetsa kunja kwa dzanja pakhosi pa Pendeka. Kenaka anagwira dzanja la mwana wawo, munthu wa imvi kale, naliika pomwepo.

"Patentha?"

"Yayi, adada."

"Pasupuka?"

"Yayi."

"Ndiye iyi ndi ng'ombe yanji?"

Adada akulu anayang'ana anthu onse aja, nayang'ana pansi. "Ya ntchito, adada."

"AnyaShawa, mwamva. Ng'ombe yanu ya ludzu."

Asekulu anamwalira chimanga chitafika m'mawondo, masana, ataweramira pa mabulangeti omwe agogo anawapindira pabedi, latsopano lija lili pamwamba. Masiku otsiriza sankatha kumeza bwino, ndipo agogo ankawadonthezera mankhwala m'mbali mwa tsaya pa nthawi zomwezo za khola. Kubuula sanabuule, koma nthawi imeneyi zala za kumapazi zinali zitatambasuka.

Mawa lake adada akulu analowa m'khola ndi chingwe. Anadutsa Pendeka osamuyang'ana. Anatuluka ndi ng'ombe yawoyawo yaikazi, yokalamba, yomwe inasiya kubereka kalekale ndipo ankaisunga chifukwa inali yoyamba kupatsidwa ndi bambo awo. Imeneyo ndi nyama imene azibambo a kwa Chikomeni analimbana nayo.

Pansi pa mango pasesedwa tsopano. Zipalapala zinatha, agogo anakolezera moto zonse mwezi woyamba. Kasemasema ali m'nyumba, mphika wa nshawa unabwerera pamtanda wake. Chatsala ndi chipika cha mlombwa, chomwe agogo analetsa kuti chisawazidwe. Pamwamba pake pali malo osalala, akuda, pomwe chifuwa chawo chinkakhala, ndipo pansi pali maenje awiri a mawondo amene mvula siinafafanize. Ng'ombe zikamalowa madzulo agogo amapukutabe manja pachitenje n'kutembenukira kumango, kenaka n'kupitiriza zomwe amachita. Pendeka yekha amapatuka pamzere. Amabwera ndi mutu wake wopendeka, goli litamusiyira mzere wa ubweya wogona pakhosi, n'kunyambita malo akuda aja. Adada akulu akuti akufuna mchere wa thukuta umene unalowa m'mtengo. Lero ndinayang'anitsitsa posesa: pamene lilime lake limapita payamba kuyera.